Batire la galimoto yoima pa malonda: liyezeni lisanakuchititseni manyazi

Galimoto yoima pa malonda imawononga batire msanga kuposa yoyenda tsiku ndi tsiku. Ogulitsa ambiri, kaya mu showroom ya magalasi ku Blantyre kapena pa yadi ya mpanda wa waya ku Lilongwe, amazindikira izi kasitomala atakhala kale pa mpando, wapotokola kiyi, galimoto n'kungoti tche-tche-tche. Mnyamata akamathamangira mawaya ojampira, wogula uja amakhala atayamba kale kuchotsera mtengo mumtima, ndipo mawu akuti "ndi batire chabe, bwana" sawamvanso. Malangizo awa ndi a inu eni mayadi, mamanejala ndi anyamata amene mumasunga makiyi.

Tiyambe ndi kumene moto umapita. Galimoto za masiku ano sizigona tulo tenitheni. Mukazimitsa injini, kompyuta, alamu, wotchi ndi kachipangizo komvera rimoti zimapitiriza kukoka moto pang'onopang'ono, kawirikawiri pakati pa 20 ndi 50 mA (1,000 mA ndi 1 A, muyezo wa moto umene ukukokedwa). Nambalayi ikuoneka yochepa, koma werengani: 50 mA pa maola 24 ndi 1.2 Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga). Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan, monga Mira, Passo ndi Vitz, ambiri amabwera ndi timabatire ta mtundu wa 40B19L, tosunga pafupifupi 30 mpaka 35 Ah. Ndiye kuti pa masabata awiri, theka la moto likhoza kutha popanda munthu kuikhudza galimotoyo.

Koma ya pa malonda imakhudzidwa. Aliyense wobwera amatsegula chitseko, nyale ya m'kati n'kuyaka, makompyuta onse n'kudzuka, ndipo amatenga mphindi zingapo kuti agonenso. Wina akufuna amve wailesi, wina atsitse magalasi, wina aone ngati kamera ya kumbuyo ikugwira. Tinene kuti zonsezi zikukoka 10 A kwa theka la ola: apo papita 5 Ah, moto wa masiku anayi. Ndipo ngati galimotoyo ndi yoliza ndi batani, kiyi mukaisiya m'kati kapena kuipachika pafupi, galimoto ndi kiyi zimangokhalira kuitanana. Makiyi otere azikhala mu ofesi, mamita angapo kutali.

Pali chinanso chimene amene mumaitanitsa magalimoto kunja muyenera kukumbukira. Batire limafika pa yadi yanu litatopa kale. Galimoto inaima pa okushoni, inaima pa doko, yakhala masabata m'sitima, yaimanso ku Dar es Salaam kapena ku Durban kudikira mapepala, ndipo mwina yajampitsidwa kangapo m'njira. Ulendo wautali wodzera ku Mbeya ndi pa Songwe umalibwezera moto ndithu, koma suchiritsa zimene zinaonongeka m'kati. Choncho tsiku lomwe galimoto yalowa pa geti, isanatsukidwe n'komwe, batire liyezedwe.

Kuyezako n'kosavuta. Gulani multimeter, kamita koyezera mphamvu ya magetsi m'mavoti (V); mtengo wake sufika wa batire limodzi. Yezani m'mawa, galimoto itagona usiku wonse, musanailize. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 V kapena kupitirira pang'ono. Likamaonetsa 12.4 V latsala ndi magawo atatu mwa anayi. Pa 12.2 V lili pa theka, ndipo likafika 12.0 V latsala pang'ono kutheratu, ngakhale nyale zikuyakabe. Apa ndi pamene anthu ambiri amanamizika: amaona 12 n'kumati batire la 12 V lili bwino. Ayi, limenelo likufa.

Malire anu akhale 12.4 V. Chifukwa chake n'chakuti batire likamatsika, asidi wa m'kati amagwirana ndi mtovu n'kupanga tizinthu toyera pa mapuleti. Mukalitchaja msanga tizinthuto timasungunuka n'kubwerera m'madzi. Mukalisiya masabata lili lotsika timauma n'kukanirira, ndipo malo amene takanirirapo sasunganso moto. N'chimodzimodzi nsima yotsalira mu poto: lero imachoka ndi madzi okha, pakapita masiku mpaka kupala. Batire lotere mukalitchaja limadzaza msanga n'kuonetsa nambala yabwino, koma mawa lake lagwanso. Nyengo yotentha, monga Okutobala ndi Novembala, zonsezi zimafulumira, pakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 batire limataya moto palokha mowirikiza kawiri. Wa yadi ya ku Salima kapena ku Karonga asatengere ndondomeko ya mnzake wa ku Dedza.

Tsono tikambe za chizolowezi chimene chafala kwambiri, choliza magalimoto onse m'mawa kwa mphindi zisanu. Ine ndimachitsutsa. Sitata imakoka moto wambiri nthawi imodzi, ndipo alitaneta ikamazungulira pa liwiro la injini yoima imabweza pang'ono, makamaka ngati mnyamata wayatsanso wailesi ndi AC kuti apukute dashibodi akumva kukoma. Mphindi zisanu zikhoza kubweza zimene sitata yatenga, koma sizingabweze moto wa sabata yonse. Mafuta mwaotcha, mu ekizozi mwadzaza madzi chifukwa sinatenthe mokwanira, ndipo ngati muli m'nyumba yotseka mwapumira anthu utsi wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha. Ngati mukufuna kutchaja ndi injini, galimoto ituluke iyende pa msewu theka la ola kapena kuposerapo. Izi zimathandizanso matayala ndi mabuleki. Koma pa yadi ya magalimoto 30, ndani angakwanitse?

Chida choyenera ndi chaja. Osati zija zolemera za thiransifoma zimene zimangothira moto mpaka batire kuwira; zimenezo zimafuna munthu woziyang'anira ndipo siziyenera kugona pa galimoto. Pezani chaja yodziyendetsa yokha, ya makampani monga CTEK, NOCO kapena GYS, kapena ina iliyonse yogwira ntchito mofanana. Imakweza batire kufika cha pa 14.4 V, ikaona kuti ladzaza imatsika yokha n'kumalisunga cha pa 13.6 V, ndipo mukhoza kuisiya masiku ambiri osaopa. Onetsetsaninso kuti magetsi akathima n'kubweranso imayambiranso yokha, popeza kuno kuthima kwa magetsi si nkhani yachilendo. Pa kukula kwake, lamulo lakale likadagwirabe: chaja ipereke pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya batire, kutanthauza 4 A pa batire la 40 Ah.

Simukufunika chaja pa galimoto iliyonse. Ziwiri kapena zitatu zikhoza kuzungulira yadi yonse ngati muli ndi kope. Lembani nambala ya galimoto, tsiku, ndi zimene mita yaonetsa. Lolemba lililonse yezani zonse, zotsika pa 12.4 V zikhale zoyamba pa mzere. Kopeli lidzakuuzaninso galimoto imene ikutsika msanga kuposa zinzake. Imeneyo ili ndi batire lakutha kapena china chake chikuba moto, kawirikawiri alamu, tiraka (kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili) kapena wailesi yoikidwa mosasamala.

Galimoto ya kutsogolo, ija imakhala zitseko zili pululu ndi sikirini ikuyaka tsiku lonse, ndi nkhani ina. Kachaja ka 4 A sikangalimbane nayo. Imeneyo imafuna chaja yaikulu ya 25 A kapena kuposa, yokhala ndi gawo lopereka moto wokhazikika, kuti nyale ndi sikirini zidye za ku khoma osati za m'batire. Waya wake mudutsitse pansi pa galimoto, asapanidwe ndi boneti kapena kukola miyendo ya makasitomala. Za panja zoima padzuwa, kasola ka 10 W kapena 20 W kokhala ndi regulator (kachipangizo koletsa moto kupitirira muyezo) kamasunga bwino batire lodzaza kale. Lakufa sikangalidzutse.

Polumikiza chaja, chopanira chofiira chipite ku + poyamba, chakuda chigwire chitsulo cha bodi kapena cha injini, osati temino ya −, kenako muyatse pa khoma. Pochotsa yambani kuzimitsa pa khoma. Kugwiritsa chakuda ku bodi kuli ndi zifukwa ziwiri. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidirojeni, umene kanthethe kamodzi kamauphulitsa, ndiye nthethe zichitikire kutali, ndipo wosuta fodya asayandikire. Chachiwiri, magalimoto ambiri ozima okha pa maroboti ali ndi sensa pa temino ya −, ndipo mukailambalala pogwiritsa chakuda pa temino penipeni, kompyuta sidziwa kuti batire lalandira moto. Magalimoto amenewa amafunanso mabatire awoawo, monga olembedwa M-42 kapena Q-85. Mukaikamo wamba kuti musunge ndalama, satha nthawi.

Aqua, Prius ndi Fit ya haibulidi, zoyendera mafuta ndi magetsi, zimasokoneza anthu chifukwa zili ndi mabatire awiri. Batire lalikulu likhoza kukhala lodzaza, koma kabatire ka 12 V kakafa galimoto siyaka n'komwe. Kameneka kamalandira moto galimoto ikayaka kotheratu n'kuonetsa READY pa dashibodi, osati pa ACC pamene pamangoyaka wailesi ndi zina zazing'ono. Iikeni pa P, pa READY, kwa ola limodzi pa sabata, panja, chifukwa injini imatha kudzilizira yokha. Pa Aqua kabatireka kali pansi pa mpando wa kumbuyo.

Nanga kuchotsa temino ya − pa galimoto zoima nthawi yaitali? Zimathandiza, koma yambani mwaganiza za wailesi. Mawailesi ambiri a ku Japan akangosowa moto amafunsa nambala yachinsinsi kapena khadi ya SD imene mwina inatsala ku Japan komweko. Ndipo lekani kotheratu zija zochotsa batire injini ikulira kuti mukalizire galimoto ina. Moto umadumpha n'kuotcha alitaneta kapena kompyuta, zinthu zodula kuposa batire.

Mabatire okhala ndi zitsekerero muziwasuzumira kamodzi pa mwezi. Madzi akatsika thirani madzi a batire ogula, osati a pa mjigo kapena a pa mpopi, ndipo osawonjezera asidi. Zoyera za pa matemino tsukani ndi soda wosungunula m'madzi, mupukute, mumange bwino, mupake girizi pang'ono. Galimoto ikagulidwa, igone pa chaja usiku woti mawa ikutengedwa, ndipo m'mawa muyeze wogulayo akuona, nambalayo muilembe pa pepala limene akusainira.