Mmene mungapangire chishango cha asilikali a m'sewero la ku Ulaya wamakedzana

Musanagwire sowo, dziwani kaye mmene gulu lanu lankhondo lopekalo limamenyera nkhondo, chifukwa maonekedwe a chishango amachokera pamenepo. Asilikali oyenda pansi ngati ma Viking, ankhondo a kumpoto kwa Ulaya, ankanyamula chozungulira. Apakavalo a ku Normandy, kumpoto kwa France, omwe anamenya nkhondo ya ku Hastings ku England mu 1066 anali ndi chachitali chosongoka kumunsi, choteteza ndi mwendo womwe. Pofika zaka za m'ma 1200, zovala zachitsulo zitayamba kuphimba miyendo, chishango chinafupika n'kufanana ndi kunsi kwa simbi.

Chosavuta kupanga n'chozunguliracho. Chitsanzo chabwino ndi zishango za m'chombo cha Gokstad chomwe chinafukulidwa ku Norway mu 1880: zinali za matabwa opyapyala, pafupifupi masentimita 94 m'mimba mwake, zopakidwa chikasu ndi chakuda mosinthanasinthana.

Tengani plywood wa mamilimita 9. Khomani msomali pakati, mangani chingwe cha masentimita 42 ndi pensulo, zungulizani, kenako chekani; chanu chikhala masentimita 84 m'mimba mwake, chocheperako kuposa cha Gokstad. Musakopeke ndi thabwa lokhuthala poganiza kuti ndiye lolimba. Wosewera adzatopa mkono chiwonetsero chisanafike pakati.

Pakatikati boolani bowo la masentimita 13 lolowa nkhonya. Kumbuyo khomani chogwirira cha mtengo chodutsa pabowolo mpaka pafupi ndi m'mphepete. Kutsogolo vindikirani ndi mbale yachitsulo yakuya; mbale yakale ya kukhitchini imagwira ntchito. Misomali yake ibooze mpaka kumbuyo ndipo muipinde. Mbale ikakhala yosaya, zala zimakhuza chitsulo nthawi iliyonse lupanga likagunda.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Matani nsalu yolimba ndi guluu wa matabwa mbali zonse ziwiri, mbale ndi chogwirira musanazikhome. Mukamata kutsogolo kokha, nsalu pouma imakoka thabwa, mawa mupeza chishango chapindika ngati lichero. Chisiyeni chiume pamthunzi tsiku lathunthu mutachitsindika ndi njerwa.

M'mphepete mumafunika chikopa cha ng'ombe chosafufuta, mamita 2.8 m'litali ndi masentimita 5 m'lifupi. Chinyikeni m'madzi usiku wonse, chikulungeni m'mbali chikadali chofewa, musoke kudzera m'timabowo totalikirana masentimita 3 kapena 4. Chikauma chimadzikunga chokha n'kulimba gwa. Ndicho chimaletsa thabwa kung'aluka.

Tsono utoto. Zizindikiro za mabanja, monga mikango ndi ziwombankhanga zotengera kwa makolo, zinayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100, choncho pa chishango cha gulu lakale kuposa apo n'zosayenera; mitundu iwiri yogawana malo ndi yokwanira. Ngati gulu lanu ndi la pambuyo pake, tsatani lamulo la zizindikirozo: chikasu ndi choyera zinkaimira golide ndi siliva, ndipo chizindikiro chofiira, chakuda, chobiriwira kapena cha buluu chinkaikidwa pa imodzi mwa ziwirizi, osati chofiira pa chakuda. Cholinga chinali choti mnzako akuzindikire ali patali m'fumbi la nkhondo. Owonerera a kumbuyo kwa holo nawonso apindula nalo.

Mbiri ya chishangocho ioneke pa icho chomwe. Chitemeni ndi chikwanje kawiri katatu chakumtunda, komwe lupanga limafikira, pakani phulusa lonyowa pautoto, ndipo pamalo amodzi sokererani chigamba cha chikopa cha mtundu wina.