Ndale zitalowa pa tsamba la zitenje

Ndimasamalira tsamba la Facebook la azakhali anga, amene amagulitsa zitenje ku msika wa Kapata kuno ku Chipata. Vuto linabwera ndi chithunzi chimodzi chokha, zitenje zofiira pamwamba, zobiriwira pansi. Kwa ife anali katundu basi. Koma kuno ku Zambia chofiira amati ndi cha chipani cha UPND, chobiriwira cha chipani cha PF, ndipo chichokereni chisankho cha 2021 ena mitima sinawazizire. Pofika madzulo ndemanga zinali matukwano okhaokha, wofunsa mtengo osaonekanso. Amalume nawonso analowerera, kumayankha aliyense usiku wonse.

Chithunzicho sindinachichotse ayi. Ndinalowa mu settings za tsambalo, pamene pali malo olembapo mawu oti ndemanga ikakhala nawo izibisika yokha. Ndinalembamo maina a zipani, a atsogoleri, ndi matukwano onse amene ndimawadziwa m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Kubisa kumaposa kufufuta, chifukwa wolembayo amaionabe ndemanga yake, ndiye sabweranso kudzakalipa kuti mwamutseka pakamwa. Kenako ndinaika batani la WhatsApp, kuti za mitengo ndi kulipira pa Airtel Money zizikambidwa kumeneko.

Amalume okha ndiwo anafunika kuwayendera. Ndinapita Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, n'kuwauza mwaulemu kuti, "Amalume, zandale muzikambira kwanu, pa tsamba pajatu m'pamene azakhali akupezera ndalama ya ufa." Anang'ung'udza ndithu, koma anasiya.

Masiku ano ndikamajambula ndimalowetsa zabuluu ndi zakuda pakati pa muluwo.