Bakapu yasiya kupita ku NAS mutangochita apudeti ya Windows 11? Yambirani apa

Anzanga, musanagwire china chilichonse tengani eksitenolo (hadi diraivi yapadera yolumikiza pa kompyuta) mukopele mafayilo ofunika aja pamanja, lero lomwe. Bakapu ikafa siikuwa ayi, imangokhala phee, inu nkumati zonse zili bwino mpaka tsiku loti laputopu yagwa pansi ndiye mukatsegula NAS, kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki kaja, mukupeza fayilo yomaliza ndi ya miyezi itatu yapitayo, zinandionekera ine ndi ma invoice a kuntchito ndipo sindikufuna wina adutsemo.

Gwero lake kawirikawiri ndi ili. Apudeti ya 24H2 imene inatuluka mu Okutobala 2024 inabwera ndi malamulo awiri pa Windows 11 Pro: SMB signing (SMB ndi njira imene Windows imalankhulira ndi NAS, signing ndi chidindo chotsimikizira kuti uthenga sunasinthidwe panjira) ndi yokakamiza tsopano, komanso kulowa ngati guest kopanda pasiwedi kunatsekedwa. Ambirife tinangoika NAS nkusiya foda yotsegula kuti aliyense azilowa, ndiye File History, pulogalamu ya Windows yochita bakapu, ikagogoda ikubwezedwa pakhomo, mwina ndi ka error ka 0x80070035.

Koma yambani mwaona zing'onozing'ono. Tsegulani File Explorer, lembani \\ kenako IP (nambala ya adiresi pa netiweki) ya NAS yanu. Ikakana, lowani mu rauta muone ngati IP sinasinthe, paja magetsi akathima nkuyakanso rauta imatha kugawa manambala atsopano ndiye mumanamizira apudeti ilibe mlandu. NAS ipatseni IP yokhazikika basi. Onaninso kuti netiweki ili pa Private osati Public.

Zimenezo zikakhala bwino, pitani ku NAS komweko, kaya ndi Synology kaya QNAP, mupange user wake wa bakapu wokhala ndi pasiwedi yolimba, mumupatse chilolezo cholemba mu foda ija, ndipo mu zokonza za SMB muike kuti yotsika ikhale SMB2 yokwera SMB3, signing muyatse. Firmware, pulogalamu yoyendetsa NAS, nayo ichiteni apudeti. Mukabwerera pa kompyuta tsegulani Credential Manager, momwe Windows imasungira mapasiwedi, mufufute pasiwedi yakale ya NAS, apa mpamene ambiri amakodwa chifukwa Windows imakakamira yakale ija ngakhale mwasintha kale, kenako musankhenso foda mu File History mulowe ndi user watsopano uja.

Wina akuuzani kuti ingoyatsani SMB1, mtundu wakale wa SMB, zitheka. Chonde musatero. SMB1 ndi khomo limene vairasi ya WannaCry inalowera mu 2017, ndipo Microsoft inayamba kusiya kuiika yokha pa Windows 10 1709. Ngati NAS yanu ndi yokalamba moti siitha signing, lamulo la PowerShell loti Set-SmbClientConfiguration -RequireSecuritySignature $false likhoza kukupulumutsani masiku ochepa mukusaka ndalama ya ina, koma ine sindingalisiye choncho pa laputopu yoyenda nayo pa Wi-Fi ya anthu ena.

Bakapu ikayamba kuyenda dinani Run now mu File History, dikirani ithe, muone deti ya bakapu yomaliza kuti ndi ya lero, kenako mubweze fayilo imodzi kuchokera ku NAS muitsegule ndithu muone ngati ikuwerengeka.