Mmene banja lingayendetsere moyo popanda galimoto kuno ku Tete

Kuno kwathu m'chigawo cha Tete ku Mozambique munthu akangogwira kandalama ka fodya kapena ka soya maganizo amathamangira pa galimoto, ati khomo lopanda galimoto ndiye kuti silinatukuke. Ine ndikuti ayi, nzotheka kukhala bwinobwino popanda galimoto kaya muli ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Moatize kaya mu Tete mutauni momwemo, bola mayendedwe muziwakonzeratu osamangodzuka nkumati tikaonera komweko.

Poyamba khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu mulembe maulendo onse amene banja limayenda pa mwezi. Kuchigayo, kumsika, kutchalitchi, kusikelo ya mwana, kumunda, ana kusukulu. Mudzaona kuti ambiri mwa maulendowa ndi apafupi, a miyendo kapena njinga, ndipo otalika enieni ngati kupita ku Tete kukalongosola mapepala amabwera patalipatali. Amenewo muwalembe paokha chifukwa ndi amene amadya ndalama.

Kenako fufutani maulendo amene foni ingakuyendereni. Masiku ano mayunitsi a magetsi a Credelec mumagula muli khale pakhomo ndi M-Pesa kapena e-Mola, ndalama ya mwana amene ali kusukulu kutali mumatumiza pafoni pomwepo, ndiye palibe chifukwa chokwerera shapa (minibasi) kukangopereka ndalama pamanja. Musanapite kuofesi iliyonse yambani mwafunsa ngati chimene mukufunacho chatuluka, anthu ambiri amawotcha ndalama ya ulendo kukangouzidwa kuti mubwere sabata yamawa.

Chachitatu, pakhomo pakhale njinga yakapalasa yolimba, ya keliyala yabwino. Musaipeputse njinga, ku Angónia ndi ku Tsangano imanyamula thumba la mbatatesi, chimanga chakuchigayo, mtolo wa nkhuni, mwana wodwala, zonse. Gulani pampu, zigamba, guluu ndi masipoko angapo mwana wamkulu aphunzire kumata yekha. Koma amene muli mu Tete mutauni nkhani ndi ina, dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, kupalasa masana ndi kudzizunza chabe, yendani mmamawa kapena dzuwa litapendeka, pakati pa tsiku kwerani chopela (kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu) kapena shapa.

Tsopano za shapa, apa mpofunika nzeru. Shapa siinyamuka isanadzaze, aliyense akudziwa, ndiye amene walawirira ndi amene amafika nthawi yabwino, wochedwa amakhala pa siteji mpaka njala kumupweteka akudikira anthu awiri otsala. Kuchoka ku Ulónguè kutsika ku Tete kudzera pa Mussacama ndi ku Moatize ndi makilomita opitirira 200, si ulendo wonyamuka dzuwa litakwera ngati mukufuna kukapeza maofesi asanatseke. Ulendo wotere muziunjikira zochita, tsiku lomwelo mukaone za BI (chiphaso cha unzika), mukalowe kubanki, mukagule zakuokala pa Kwachena, mukazonde achibale, osati chilichonse ulendo wakewake. Mtengo wa katundu mugwirizane ndi kobradori (kondakitala) katundu asanakwere, akangomangirira basi mphamvu zili kwa iye. Ndalama zosinthasintha zikhale mthumba lapafupi, ndipo BI musaiiwale pakhomo, panjira amafunsa.

Nthawi yokolola ndi pamene anthu amayamba kudandaula kuti tikanakhala ndi galimoto. Koma kagalimoto kakang'ono kangatute matumba angati kumunda kopanda msewu? Ngolo ya ng'ombe imalowa mpaka pamulu. Kambiranani ndi mwini ngolo chimanga chisanaume, ena amalola kulipidwa ndi chimanga chomwecho. Zopita kumsika waukulu, kaya ku Dómuè, ku Calómuè kaya ku Lizulu kumalire, sonkhanani mabanja angapo muchite hayala lole imodzi mugawane mtengo potengera matumba. Feteleza ndi mbewu tutani mvula isanayambe, chifukwa kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi imasanduka phala ndipo madalaivala amakweza mtengo kapena kukaniratu kulowa kumidzi.

Chovuta chenicheni, chimene sindingakunamizeni kuti nchophweka, ndi matenda a usiku. Mwana watentha thupi pakati pa usiku, mayi wayamba kumva kupweteka, njoka yaluma munthu, apa ndi pamene kusowa galimoto kumawawa. Ndiye konzekeranitu zinthu zili bwino. Mufoni mwa bambo, mwa mayi ndi mwa mwana wamkulu mukhale manambala a anyamata a mota (njinga yamoto) awiri kapena atatu amene mumawadziwa kwawo, osamwa, amene amayankha foni usiku. Mmodzi sakwana, tsiku limene mukumufunalo mupeza foni yake yazima kapena alibe mafuta. Ngati pamudzi pali amene ali ndi galimoto pitani mukalankhule nawo masana mwaulemu, kuti achimwene zikadzativuta usiku tidzagogoda, mafuta tidzathira ife, mumvane ndi mtengo womwe. Mayi woyembekezera asadikire tsiku lenileni ali kumudzi, zipatala zambiri zili ndi nyumba yachidikiro, apite kukadali nthawi makamaka ngati mwezi wake wagwera mdzinja. Kukwera mota matenda atayamba kale pamsewu wamatope si zinthu zofunira munthu. Ndipo foni izigona ndi moto, ndi mayunitsi, izi anthu amaziiwala kwambiri.

Zonsezi zimayenda ngati pali ndalama yake yapadera. Mwezi uliwonse patulani kangachepe ka mayendedwe musunge ku e-Mola kapena M-Pesa, kapena lowani shitiki (chipereganyu) ndi anzanu odalirika, ndipo ndalama ya matenda a usiku isakhudzidwe ngakhale kutabwera ukwati wa mlamu wanu. Mukamaona ngati ikuchuluka kumbukirani kuti mwini galimoto amalipira seguro (inshuwalansi), manifesto (msonkho wa galimoto) ndi inspecção (kupimitsa galimoto) ngakhale galimotoyo ikungokhala pansi pa mtengo wa mango, kuwonjezera mafuta, matayala, makaniko ndi ma portagem (mageti olipirira msewu) apanjira.

Mukaona kuti njinga yachepa, sitepe yotsatira ndi mota osati galimoto, imamwa mafuta pang'ono ndipo imadutsa tinjira takumunda. Koma ikhale ndi mapepala ake, woyendetsa akhale ndi chiphaso, makapasete (zipewa zoteteza mutu) akhale awiri, ndipo zokweza banja lonse pamota imodzi mwana ali pa thanki zisiyeni. Amene ali ndi wodwala wofunika kuchipatala sabata iliyonse, kapena bizinesi yotuta katundu tsiku ndi tsiku, ameneyo awerengere payekha, kwa iye galimoto mwina ingathe kudzilipira yokha.