Konzani ntchito ya mawa mukadali pa malipiro

Anthu ambiri mu Lusaka amakumbukira CV tsiku limene kontrakiti yatha. Pamenepo mwininyumba ku Chilenje kapena ku Matero akufuna renti yake, ndiye munthu amangogwira ntchito iliyonse yomwe yapezeka, ngakhale malipiro ake ali otsika kuposa komwe wachoka.

Sankhani udindo umene mukufuna kudzakhala nawo zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi. Kenako sonkhanitsani zolengeza ntchito khumi za udindowo, za mu Zambia Daily Mail, Times of Zambia kapena pa LinkedIn, ndipo muziwerenge ndi cholembera m'manja. Musafunsire kaye. Chimene chikubwerezedwa m'zolengeza zambiri koma inu mulibe, chimenecho ndicho muyenera kuchipeza chaka chino. Chimodzi pachaka chikwanira. Olembetsa makosi atatu nthawi imodzi nthawi zambiri samaliza ngakhale imodzi.

Kawirikawiri chosowacho ndi pepala. Owerengera ndalama amafunsidwa umembala wa ZICA, mainjiniya wa EIZ, aphunzitsi chiphaso cha Teaching Council of Zambia, a HR (oyang'anira ogwira ntchito) cha ZIHRM. Umembalawu uli ndi malipiro ake obwerezabwereza, ndipo mukaulekerera mudzakumana ndi ngongole pa nthawi imene m'thumba mulibe kanthu. Olemba ntchito ambiri tsopano amafunanso kuti dipuloma kapena digiri itsimikiziridwe ndi ZAQA, bungwe la boma lotsimikizira mapepala a maphunziro. Chitani zimenezi pano, chifukwa cholengeza ntchito chimatha kutsekedwa m'sabata imodzi kapena ziwiri pamene inu mukudikira pepala. Amisiri amene anaphunzira pamanja, kaya kuwotcherera zitsulo ku Kalingalinga kapena umakaniko pa garaja, alembe trade test, mayeso a luso a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Achinyamata afunse ku Ward Development Committee ya m'dera lawo za mabasale ophunzirira luso a CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera.

Pa nkhani ya ndalama ndi pomwe ambiri amagwa. Lamulo la Employment Code la 2019 limati wogwira kontrakiti yoposa miyezi 12 alandire gratuity, ndalama yoperekedwa kontrakiti ikatha, yosachepera 25 peresenti ya basic pay yake (malipiro osaphatikiza ma allowance). Ndalamayi musaiwerenge ngati ya sofa yatsopano. Ikhale ya kosi yomwe munasankha ija, kapena yokusungani miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi, kuti muthe kukana ntchito yosayenera popanda kuthamangira kaloba. Chilimba cha ku ofesi chingathandizenso, bola mudziwiretu chomwe mudzachite nayo ikakufikani. Lowani pa akaunti yanu ya pa intaneti ya NAPSA, bungwe la penshoni, miyezi itatu iliyonse muone ngati 5 peresenti yomwe amadula pa malipiro anu, ndi 5 ya abwana, zikufikadi. Mukaona msanga miyezi yomwe sinalipiridwe zimakonzeka, koma kampani ikatsekedwa mudzavutika kupeza womufunsa. Kuyambira 2023 amene wapereka miyezi 60 kapena wafika zaka 45 angatapeko 20 peresenti ya ndalama zake za ku NAPSA, koma ndi kamodzi kokha, ndipo penshoni imachepa.

Pomaliza pa mwezi uliwonse lembani m'kope zimene mwakwaniritsa, ndi manambala ake: makasitomala angati, ndalama zingati zapulumutsidwa, anthu angati mwawaphunzitsa. Pa intavyu mutu umaiwala. Pochoka pantchito tengani certificate of service, kalata yotsimikiza kuti munagwirapo ntchito, ndipo bwana amene mukufuna kuti adzakuchitireni umboni mupempheni musanatuluke pa geti, mutengenso nambala yake yeniyeni, chifukwa nayenso mawa adzasamuka.