Momwe mungathetsere mkangano wa kamvekedwe ka gitala pa pulakatisi

Woyimba akuti gitala ikumubaya m'khutu. Wa bezi akuti sakudzimva chifukwa gitala yadzaza pena paliponse. Mwini gitala naye akulumbira kuti sakumva kalikonse, ndipo dzanja lake lafika kale pa batani la voliyumu. Nthawi zambiri onsewa amakhala akunena zoona, kungoti aliyense akumva zakezake malinga ndi pomwe wayima. Musanakangane za zomwe wina amakonda, onetsetsani kuti nonse mukumva zofanana.

Yambani ndi pomwe ampu, bokosi la sipika lokweza mawu a gitala, yakhala. Sipika ya gitala imaponya mawu akuthwa a treble molunjika kutsogolo ngati kuwala kwa tochi, pomwe mawu olemera amafalikira chipinda chonse. Ampu ikakhala pansi kumbuyo kwa mwini wake, mawu akuthwawo amamudutsa m'mawondo n'kukamenya wa ng'oma amene wakhala pampando kutsidya. Wa gitala akumva mawu obisika, ndiye akuwonjezera treble ndi voliyumu, mnzake uko makutu akulira. Ikwezeni ampuyo pampando, kapena ipendeketseni kuti sipika iloze kumutu kwa amene akuyimba gitalayo. Ambiri akangotero amatsitsa okha treble popanda wowauza.

Kenako sinthanani malo. Wa gitala atenge chingwe chachitali, akayime pomwe wodandaulayo amayima, bandi iyimbe kolasi imodzi. Mukatero ikani foni pakati pa chipinda, m'mwamba molingana ndi mutu wa munthu, kutali ndi ng'oma kuti maiki a foniyo asaphwanye mawu, mujambule nyimbo yonse. Mvetserani limodzi pa sipika imodzi, ndipo pasakhale woyankhula mpaka ithe. Munthu akamayimba, maganizo ake amakhala pa zala zake; akakhala pansi manja ali lende ndi pomwe amamva bandi yonse.

Tsopano bwerani ku mabatani, ndipo apa musafulumire. Kamvekedwe komwe wa gitala anakonza ali yekha kunyumba sikangagwire ntchito m'gulu. Mu 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs anasonyeza kuti khutu la munthu silimva bwino mawu olemera kwambiri ngati voliyumu ili pansi. N'chifukwa chake woyimba chapansipansi kuchipinda amakweza bass, batani la mawu olemera, kuti gitala imveke yonenepa. Mabatani omwewo akafika pa voliyumu ya pulakatisi, gitala imayamba kugunda ngati ikufuna kulanda ntchito ya bezi. Choncho konzani mabatani bandi yonse ikuyimba, osati m'chipinda muli zii.

Loyamba kutsitsa ndi la bass. Nsambo yaikulu ya gitala, ya E, imalira pa 82 Hz (Hz ikakhala yochepa, mawu amakhala olemera), pomwe E ya bezi imalira pa 41 Hz, ndipo ng'oma yopondayo nayo ili cha konko. Pansipo pali kale eni ake. Lachiwiri ndi gain, batani lomwe likakwera mawu a gitala amakhala okhakhala. Gain yambiri imakoma munthu ali yekha, koma imafinya mawu mpaka makodi onse kumveka ofanana, ndipo kukhudza kwa chala pa nsambo kumatayika. Itsitseni pang'onopang'ono mpaka wa kiibodi athe kutchula kodi yomwe mwagwira osayang'ana dzanja lanu.

Batani lomwe anthu amaliopa, la mid, la mawu apakati, ndi lomwe liyenera kukwera. Gitala imakhala pakatipo. Mukalitsitsa kwambiri, bezi imameza gitala kuchokera pansi, zitsulo za ng'oma n'kuyimeza kuchokera pamwamba, ndipo mwini wake amathamangira voliyumu poganiza kuti ndiyo yachepa. Kwezani mid, muona gitala ikutuluka poyera voliyumu isanakhudzidwe. Reverb ndi delay, zomwe zimachititsa mawu kumveka ngati akubwerera, zichepetseninso, poti makoma a chipinda akubweza kale mawu. Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi, muyimbe gawo lomwelo, kenako china. Mukapotokola mabatani atatu nthawi imodzi simudziwa lomwe lathandiza.

Ngati wodandaula ndi woyimba, mumvereni kuposa wina aliyense. Khutu limamva msanga mawu a pakati pa 2000 ndi 4000 Hz, ndipo cha pomwepo ndi pomwe mawu a munthu amamvekera kuti akuti chiyani. Gitala yakuthwa imalimbirana malo omwewo. Pa vesi sunthirani ku pickup (kachipangizo kotola mawu pansi pa nsambo) ya kukhosi kwa gitala, yomwe ndi yofewa, kapena bwezani pang'ono batani la tone la pa gitala penipeni. Pickup ya ku bridge, kothera nsambo pa thupi la gitala, ndi yakuthwa; muisungire pomwe woyimba wapuma. Kumbukiraninso kuti magitala sabadwa ofanana. Fender Stratocaster ya pickup za single coil ndi yakuthwa mwachibadwa, pomwe Gibson Les Paul ya pickup za humbucker ndi yonenepa, choncho mabatani omwe akukomera ina sangakomere inzake. Ngati magitala ali awiri, gawanani ntchito: wina agwire makodi cha kumutu kwa gitala ndi mawu ofewa, winayo akwere ku ma fret (timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala) apamwamba, kufupi ndi thupi la gitala, ndi mawu akuthwa.

Mayankhulidwe nawo ndi gawo la ntchitoyi. Kunena kuti "gitala yako ikumveka moyipa" sikuthandiza, chifukwa palibe batani lomwe munthu angapotokole poyankha mawu amenewo. Nenani gawo ndi vuto lake: "Achimwene, pa vesi yachiwiri sindikudzimva, tayesani kufewetsa pang'ono pamenepo." Ndipo musagwire ampu ya mnzanu osapempha. Munthuyo anataya nthawi ndi ndalama kufunafuna kamvekedwe kameneko, ndipo dzanja la wina pa mabatani ake limamupweteka kuposa mawu. Wa gitala nayenso avomere kuti zomwe zikukoma m'gulu mwina zimveka zowonda akayimba yekha. Palibe cholakwika pamenepo.

Zonsezi zikachitika, nthawi zina pamatsalabe kusiyana kwenikweni: wina akufuna gitala yoyera, wina akufuna ya distortion, ya mawu okhakhala. Apa mabatani alibenso chonena. Jambulani nyimboyo mwa njira zonse ziwiri, mumvetsere, ndipo mugwirizane musanayambe kuti wogamula ndi ndani, kaya wopeka nyimboyo kaya mtsogoleri wa bandi. Ine ndimaona kuti wopeka ndiye woyenera, bola wa gitala asiyiridwe ufulu wonse pa solo yake, ndi pedal, kabokosi kopondedwa ndi phazi, yokweza mawu pamenepo pokha.

Zisankho zoterezi chitani koyambirira kwa pulakatisi, makutu asanatope. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, limalangiza kuti pa phokoso la 85 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu asapitirire maola 8, ndipo nthawiyo imachepa ndi theka pa 3 dB iliyonse yowonjezera, moti pa 100 dB imatsala mphindi 15 zokha. Bandi ya ng'oma m'chipinda chaching'ono imafika pamenepo mosavuta. Wa ng'oma akachepetsa dzanja, ena onse amatha kutsika.

Mukagwirizana, jambulani chithunzi cha mabatani a ampu ndi ma pedal, kapena ikani kachidutswa ka tepi pomwe batani lililonse laloza, ndipo mulembe nyimbo zomwe zimafuna kusintha pickup. Mukasamukira m'chipinda china kapena pa siteji, yambirani pa chithunzicho, koma bass ndi treble muziyesenso bandi yonse ikuyimba.