Musanasaine kontirakiti yoika ndalama za gulu ku kampani ya investment, onani izi kaye

Ma SACCO, mipingo, ma welfare a kuntchito ngakhale ma banki nkhonde omwe akula, ambiri pano sakufunanso kuti ndalama zizingogona mu akaunti ya savings, ndipo nzomveka chifukwa kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022 kenako ndi 44% mu November 2023, ndalama yongokhala ikutha mphamvu tsiku ndi tsiku. Nde komiti imaitana kampani ya investment, munthu wawo amabwera amalankhula bwino kwambiri, mawa lake a tcheyamani ndi a msungichuma asaina basi. Ine zimandiwawa chifukwa ndalamazo ndi za amayi ogulitsa mandasi, za aphunzitsi, za chopereka cha Lamulungu, ndipo zinthu zikavuta zomwe munthu uja ananena pakamwa palibe adzazimve, chidzayankhule ndi pepala lomwe munasaina lija.

Yambani ndi laisensi. Satifiketi yolembetsa kampani kwa Registrar General si laisensi yogwira ndalama za anthu, imangosonyeza kuti kampaniyo ilipo. Laisensi yeniyeni imachoka kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, potsatira Financial Services Act ndi Securities Act, malamulo onse awiri a 2010. Apempheni kope, muone ngati sinathe nthawi komanso kuti ndi ya ntchito yanji, poti laisensi yogula ndi kugulitsa masheya ndi ina, yoyendetsa ndalama za anthu ndi ina, ya unit trust, thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti kampani iziwayendetsera pamodzi, ndi inanso. Kenako imbani nokha ku Reserve Bank pa nambala yomwe mwaipeza nokha osati yomwe akupatsani iwowo. Dzina la pa laisensi, la pa kontirakiti ndi la akaunti yomwe akuti muikemo ndalama likhale limodzi, likasiyana ngakhale mawu amodzi imani kaye.

Komatu laisensi siitanthauza kuti ndalama sizingalowe m'madzi. Alliance Capital inali kampani yodziwika ndithu koma inafika potsekedwa ndi khothi, anthu ndi mabungwe nkutsala akudikira zawo. Ndipo Deposit Insurance Corporation imateteza ndalama zosungitsa ku banki, za investment sizili mmenemo. Nchifukwa chake mawu a mu kontirakiti ndi ofunika chonchi.

Yang'ananinso kwanu komwe. Malamulo a gulu lanu akulola komiti kuika ndalama kunja? Mpaka zingati popanda kufunsa msonkhano waukulu? Ngati ndinu SACCO muli pansi pa Financial Cooperatives Act ya 2011, ngati ndinu ma trustee a penshoni muli ndi Pension Act, simungangoika pomwe mwafuna. Pakhale ma minitsi osainidwa ovomereza, ndipo mu kontirakiti mulembedwe mayina a omwe angalamule kuti ndalama zituluke, awiri kapena atatu pamodzi, komanso kuti zizibwerera mu akaunti ya gulu yokha basi osati ya munthu.

Tsopano gawo lomwe ine ndimati mukhalepo nthawi yaitali ndi lomwe amalitcha mandate, lonena komwe kampani ikuloledwa kupititsa ndalama zanu. Mukaona mawu oti discretionary dziwani kuti mwawapatsa mphamvu yosankha okha osakufunsani, zomwe sizoipa pazokha poti ndi ntchito yawo, koma mphamvuyo ikhale ndi malire olembedwa. Ndalama ikhoza kupita ku ma treasury bill, komwe ndi kukongoza boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, ikhoza kupita ku fixed deposit ku banki, ku masheya a pa Malawi Stock Exchange, kapena kukongozedwa kwa makampani wamba, ndipo apa pomaliza ndi pomwe pamagona ngozi yaikulu chifukwa chiwongola dzanja chake chimaoneka chokoma koma wokongolayo akalephera kubweza wotaya ndinu osati kampani ya investment. Nde auzeni alembe kuti gawo lakuti lokha ndi lomwe lingakongozedwe kwa makampani wamba, kuti kampani imodzi isatenge zopitirira mwakuti, kuti pakhale chikole ndipo chikolecho chitchulidwe. Funsani mosapsatira ngati amakongoza makampani a eni ake kapena a ma dayilekita awo, ngati simukufuna zimenezo zilembedwe kuti nzoletsedwa. Akakana kulemba malire, akuti tingokhulupirirana, ine ndinganene kuti pitani kwina, makampani alipo angapo.

Chogwirizana ndi chimenechi, zomwe agulazo zilembedwa m'dzina la ndani ndipo akusunga ndani? Ndalama za makasitomala zisamasakanikirane ndi zomwe kampani imalipira nazo malipiro ndi lendi. Kontirakiti itchule wosunga wapadera, kawirikawiri imakhala banki, yemwe amamutcha custodian, ndipo inu mukhale ndi ufulu wofunsa kwa iyeyo mwachindunji kuti zathu zilipo zingati. Kampani ikadzagwa, kusiyana kwa katundu wolembedwa kuti ndi wanu ndi ndalama zomwe zinangolowa mu mphika umodzi ndi kwakukulu zedi, poti pachiwiripa mumangoima pa mzere ndi ena onse omwe kampaniyo ili nawo ngongole.

Pa phindu werengani mawu amodzi amodzi. Indicative kapena target ndiye kuti akungoyerekeza, sanalonjeze kanthu. Akalemba guaranteed funsani kuti akutsimikiza ndani ndipo ndi chuma chiti, makamaka ngati nambalayo ili pamwamba kwambiri kuposa zomwe boma likupereka pa ma treasury bill sabata imeneyo, zomwe Reserve Bank imalengeza poyera. Funsaninso ngati peresentiyo ndi ya pachaka, komanso ngati msonkho wa MRA ndi ma fee achotsedwa kale. Tiyerekeze mwaika K50 miliyoni, iwo amadula 2% pachaka pa ndalama yonse, ndiye kuti K1 miliyoni imapita kaya mwapindula kaya mwaluza, nde pakakhalanso performance fee, yomwe amadula pa phindu lomwe akupangirani, ndi ya polowa ndi ya potuluka muona kuti 25% yomwe munauza mamembala ija siifika. Apempheni akuwerengereni pa pepala mu makwacha, kuti tikaika zakuti pakutha pa miyezi 12 mu akaunti mwathu mulowa zingati.

Potuluka napo pamapweteka anthu. Mupereke notisi ya masiku angati, mukatulutsa nthawi isanakwane chilango nchotani, ndalama zifika pakatha masiku angati mutapempha. Samalani ndi kachiganizo ka rollover, koti nthawi ikakwana inu osanena kanthu ndalama zimangolowanso zokha kwa nthawi ina, gulu lomwe limagawana mu December likhoza kupezeka ndalama zatsekeredwa mpaka March. Ma unit trust ena amakhalanso ndi mawu owalola kuimitsa kaye kubweza ndalama zinthu zikavuta pa msika, muwafunse kuti ndi pa zifukwa ziti komanso kwa nthawi yaitali bwanji.

Kumapeto kwa kontirakiti kumakhala timawu ting'onoting'ono tomwe anthu amadumpha atatopa. Pali koti entire agreement, kutanthauza kuti zonse zomwe munalonjezana pa WhatsApp kapena pa msonkhano sizikuwerengedwa ngati sizinalowe mu pepalali. Pali kowalola kusintha ma fee pongokudziwitsani, apo limbikirani kuti kusintha kulikonse kukhale kosainirana mbali zonse. Pali konena kuti iwo sadzalipira mukaluza, chabwino msika ukagwa si mlandu wawo, koma akaphwanya mandate, akachita zosasamala kapena zachinyengo alembe kuti adzabweza. Sitetimenti izibwera mwezi uliwonse yosonyeza chinthu chilichonse chomwe agula ndi tsiku lomwe chikukhwima, osati nambala imodzi yokha ya total, ndipo izipita kwa anthu awiri a komiti.

Akakufunsani ma ID, malamulo a gulu ndi komwe ndalama zachokera musakwiye, Financial Crimes Act ya 2017 imawakakamiza kutero, yemwe sakufunsa chilichonse ndi amene muzimukayikira.

Kontirakitiyo itengeni mukaiwerenge kunyumba, mupatse loya kapena akauntanti yemwe sakudya nawo komishoni aione, ndipo tsiku losaina musasiye mpata wosalembedwa, sainani tsamba lililonse, mutenge kope yanu yosainidwa mbali zonse. Muonenso gawo la mikangano ngati likuti arbitration, komwe ndi kuweruzidwa ndi mkhalapakati kunja kwa khothi, kapena khothi ndipo wolipira ndani. Zikadzavuta lemberani kampaniyo kalata kaye musunge kope, akapanda kuyankha kapena yankho losamveka, kadandauleni kwa Registrar ku Reserve Bank mutanyamula kontirakiti, ma sitetimenti ndi ma slip onse a ku banki.